Funso la pa Chisanu

 

Mawu athu a lero tiwatenga m'kalata ya Paulo Woyera kwa Agalatiya, mutu 6, kuyambira ndime 1 mpaka 5. Amene muli ndi Baibulo mukawerenge nokha mofatsa madzulo ano. Amene maso anayamba kuvuta muitane mdzukulu akuwerengereni. M'ndime zisanu zimenezi muli zinthu ziwiri zooneka ngati zikulimbana. Poyamba mtumwi akutilangiza kuti mnzathu akalemedwa tizimugwirako. Tisanapume n'komwe, akutembenuka n'kutikumbutsa kuti palinso katundu wina amene mwini wake yekha ndiye ayenera kumunyamula. Nanga tigwire ziti? Ndili mnyamata ndinkaganiza kuti Paulo anaiwala zimene analemba pamwamba. Ndamera imvi ndisanamvetse, ndipo chimene chinandithandiza kumvetsa ndi kanthu kamene ife akuluakulu timakonda kukanyoza, ndiye foni.

Madandaulo ake ndikuwadziwa. Mwana umamuitana katatu osayankha, khosi lili chowerama. Mabanja ena anatha chifukwa cha mauthenga a usiku. Anyamata amaliza ndalama za feteleza ndi kubetcha mpira. Ena a inu munaberedwapo ndi munthu wosamudziwa amene anangolemba kuti ndalama ija mutumize pa nambala iyi. Zonsezi n'zoona, ndipo sindinabwere kudzaziikira kumbuyo. Ndabwera kudzakuuzani zimene zinachitikira ine ndi anzanga anayi, ndipo muweruze nokha.

Tinali asanu amene tinagona chipinda chimodzi ku koleji ya uphunzitsi. Titamaliza, boma linatimwaza monga limachitira, ndipo titapuma pantchito aliyense anakakhala kumene anakakhala: wina ku Lundazi, wina ku Petauke, wina m'mudzi wa kufupi ndi Katete, wina ku Lusaka kwa ana ake, ine kuno kwathu kuchigwa. Tinkaonana pamaliro pokha. M'mwezi wa Malichi 2020, matenda a korona atafika m'dziko muno, sukulu zinatsekedwa ndipo kusonkhana anthu ambiri kunaletsedwa. Mukukumbukira mmene Sondo inkakhalira yaitali masiku amenewo. Pamenepo mnzathu wa ku Lusaka anatsegula kagulu pa WhatsApp n'kutiikamo tonse. Foni yanga inali yosiyiridwa ndi mwana wanga wamkazi, ndipo wondiphunzitsa anali mdzukulu wa giredi 6. Ine amene ndinaphunzitsa ana zaka zambirimbiri ndinakhala pansi n'kumadzudzulidwa kuti, "Agogo, musachotse chala musanamalize kulankhula." Netiweki kwathu imapezeka pachulu cha kuseri kwa khola, ndiye anthu anazolowera kundiona madzulo nditaima pamenepo ngati mlonda wa ng'ombe.

Miyezi yoyamba munalibe kanthu m'kagulu kameneko. M'mawa wina ankatumiza chithunzi cha maluwa, enafe n'kuyankha kuti Amen. Wina ankatumiza nkhani ya mankhwala a korona imene nayenso anangotumiziridwa. Tinali ngati anthu asanu okhala pa ngolo yopanda ng'ombe: tili pamodzi ndithu, koma sitikupita kulikonse. Ndikhulupirira kuti timagulu tambiri timene muli nato ndi totero, ndipo si tchimo. Kungoti sitisintha munthu.

Usiku wina kunabwera uthenga wa mawu kuchokera kwa mnzathu wa ku Katete, amene anali mphunzitsi wa masamu. Mawu ake anali olemera, lilime likukokeka. Anati, "Anzanga, ine ndatha." Mkazi wake anali atamwalira, ndalama za penshoni zinali zitapita ku kachasu, ng'ombe ziwiri zolimira anagulitsa, njinga anaipinyolitsa. Analankhula nthawi yaitali, kwinaku akulira. Kutacha anaufufuta uthengawo, koma atatu mwa ife tinali titaumva kale.

Mudziwa chimene tinachita? Chimene amuna timachita. Tinakhala chete masiku awiri, kenako wina anatumiza chithunzi cha dzuwa likutuluka. Amene anatichotsa manyazi ndi mnzathu wa ku Lundazi, amene anali hedi ndipo sanasiye kulankhula ngati hedi. Anajambula mawu ochepa: "Aphunzitsi, tamva zonse, musavutike n'kufufuta. Pa Chisanu ndidzakufunsani kuti sabata ino mwamwa masiku angati. Mudzandiuze nambala. Musadzandiuze za mvula." Ine ndinaganiza kuti basi, munthuyu atuluka m'kagulu. Koma madzulo ake anayankha, tsopano ali bwinobwino: "Chabwino ahedi, mudzandifunse. Koma nanenso ndidzakufunsani. Kapena inu mulibe chanu?"

Funso limenelo ndi limene linamanga ng'ombe ku ngolo. Mnzathuyo akanakhala yekha wofunsidwa, tikanakhala bwalo la milandu, oweruza anayi ndi wolakwa mmodzi, ndipo palibe munthu wamkulu angapirire zimenezo nthawi yaitali. Tinagwirizana kuti aliyense atchule chinthu chimodzi chimene akulimbana nacho, ndipo pa Chisanu tikadya nsima ya madzulo aliyense ayankhe. Tinati kuyankha kukhale kwa mawu, chifukwa polemba munthu amabisala mosavuta, koma mawu akamanjenjemera amamveka. Tinati pasakhale kulalikirana. Ndipo tinati zonenedwa muno zithere muno. Ahedi anaulula kuti anasiya kumwa mankhwala a BP ndipo ankanamiza akazi awo. Wa ku Petauke anali ndi ngongole imene ankaithawa mpaka kusintha njira yopitira kumsika. Wa ku Lusaka anati papita nthawi yaitali asanatsegule Baibulo, ngakhale ndiye ankatitumizira mavesi okongoletsedwa ndi maluwa. Ine ndinati ndikufuna kumadzuka m'mamawa kupemphera. Za ine ndibwererako.

Musaganize kuti tinatulukira chinthu chatsopano. M'chaka cha 1742, mumzinda wa Bristol ku England, anthu amene ankasonkhana ndi John Wesley anali ndi ngongole ya nyumba yawo yopemphereramo. Wesley, musaiwale, anali wansembe wa mpingo wa Anglican mpaka imfa yake mu 1791. Munthu wina wotchedwa Captain Foy anapereka nzeru yakuti aliyense azipereka peni imodzi pa sabata. Ena atanena kuti ambiri ndi osauka, iye anapempha kuti amupatse anthu 11 osaukitsitsa, aziwayendera sabata iliyonse, ndipo amene alibe aziwalipirira yekha. Ena anachita chimodzimodzi, ndipo anthu anagawidwa m'timagulu ta anthu 12. Otolera ndalamawo poyenda m'makomo anayamba kuona zimene sizioneka pa tsiku la mapemphero: uyu akuledzera, awa akukangana, uyu wafooka. Wesley anaona kuti apa papezeka chinthu choposa ndalama. Pambuyo pake timaguluto tinayamba kukumana pamodzi kamodzi pa sabata, mtsogoleri n'kumafunsa aliyense mmene moyo wake wauzimu ukuyendera. Zinayamba ndi ngongole ya nyumba, koma timagulu timeneto ndi timene tinasunga anthu a Wesley. Chosiyana ndi ife n'chakuti iwo ankakhala pafupi. Ife ana athu ali ku migodi, anzathu a ubwana ali kutali, ndipo foni yangofupikitsa njira.

Tsopano za ine. Kudzuka m'mamawa kupemphera ndinali ndikuchita kale zaka zambiri. Ndinasankha dala chinthu chimene sindingalephere. Chisanu chilichonse anzanga ankabwera ndi zipsera, ine n'kumabwera ndi malaya oyera. Patapita miyezi, mphunzitsi wa masamu uja, munthu amene ndinkamumvera chisoni, anandiyankha motere: "Akulu, inu mukungokhoza chikhozere. Ine ndinaphunzitsa masamu. Mwana akamapeza 10 pa 10 tsiku lililonse, ndimadziwa kuti ndikumupatsa masamu a giredi yapansi. Kodi mng'ono wanu uja mumalankhulana?"

Ndinazimitsa foni n'kutsika pachulu mtima ukugunda. Anali atakhudza pachilonda. Makolo athu atamwalira, ine ndi mng'ono wanga tinakangana za malire a munda, mizere ingapo ya kufupi ndi mtsinje pamene pali mtengo wa mango. Nkhani inapita kwa amfumu. Ine ndine wophunzira, ndimadziwa kuyala mawu, ndipo ndinapambana. Kuyambira tsiku limenelo mng'ono wanga sanapondenso pakhomo panga, inenso pake. Mvula inagwa kasanu ndi kawiri tisanapatsane moni. Iye anasiya ngakhale kubwera kutchalitchi kwathu, chifukwa amene ankaima kutsogolo wansembe akakhala kulibe ndinali ine. Taganizani, abale. Sondo iliyonse ndinkauza anthu kuti apatsane moni wa mtendere, n'kuzungulira kugwira chanza aliyense, pamene mwana wa amayi anga ali pamtunda woyenda mphindi khumi, ndipo sindimudziwa ngati wadzuka bwino. Mudzi wonse unkadziwa. Palibe anandifunsapo, chifukwa ndine aphunzitsi, ndine wotsogolera mapemphero. Ulemu umene munkandipatsa unali ngati mpanda, ndipo ine ndinkakhala bwino m'kati mwake.

Mukawerenga 2 Samueli mutu 12 mupeza mfumu Davide ili m'kati mwa mpanda wotere. Anali atatenga mkazi wa Uriya n'kuphetsa mwamunayo kunkhondo, ndipo moyo wa kunyumba yachifumu unkangopitirira. Antchito amene anatumidwa ankadziwa, Yoabu mkulu wa asilikali ankadziwa, koma ndani akanafunsa mfumu? Mpaka Mulungu anatuma Natani, ndi kankhani ka munthu wosauka ndi kamwana ka nkhosa. Chimene chimandigwira mtima n'chakuti Davide anakwiyira kwambiri munthu wolemera wa m'kankhaniko, osadziona kuti ndi iye. Munthu angathe kuona bwino tchimo la mnzake, n'kulilalikira bwino, lake lili pamsana. Natani wanga Mulungu anamutenga pakati pa oledzera. Akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi, koma sananene kuti mnansiyo adzakhala woyera kuposa iwe.

Chisanu chotsatira ndinasintha chinthu changa. Ndinati ndidzapita kwa mng'ono wanga. Apa m'pamene ndinadziwa kuwawa kwa funso. "Akulu, mwapita?" Ayi, kunali maliro. "Mwapita?" Ayi, tinali kukolola nshawa. "Mwapita?" Ayi, njinga yaphulika. Ahedi anati, "Munatiuza nokha kuti ndi mphindi khumi wapansi. Njinga yalowapo bwanji?" Ndinaseka, koma kunali kuseka kwa manyazi. Palibe anandilalikira. Palibe ananditumizira vesi la kukhululuka, chifukwa ankadziwa kuti mavesiwo ndimawadziwa kuposa iwo. Ankangofunsa mawu amodzi omwewo, ndipo pofika pa Chinayi ndinkayamba kusowa tulo poganiza kuti mawa ndikanena chiyani. Zifukwa zinanditha pa Chisanu chachisanu ndi chinayi.

Ndinapita pa Chiweru m'mawa. Musaganize kuti tinakumbatirana n'kulira ngati m'sewero la ana a Sande sukulu. Ndinamupeza akusula khasu. Anandiyang'ana n'kupitiriza ntchito yake, ine chiimire pabwalo ngati wogulitsa makala. Mlamu wanga ndiye anatuluka ndi kampando n'kuti, "Khalani pansi, alamu." Ndinati, "Mng'ono wanga, ndabwera. Mlandu uja ndinapambana ndi pakamwa, koma sindinachite bwino." Anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Akulu, mwabwera chifukwa mwakalamba. Mukuopa kufa." Ndinafuna kukana, koma m'mawu akewo munali choonadi. Ndinati, "Mwina ndi choncho. Komabe ndabwera." Tsiku limenelo zinathera pomwepo. Pa Chisanu nditafotokoza, wa masamu anati, "Mwapeza 4 pa 10. Mukabwereze." Ndinabwereza, ndipo nditapita kachitatu tinayenda limodzi kukaona malire aja. Mizere ija ndinamubwezera pamaso pa amfumu. Lero timapatsana moni, adzukulu athu amatola mango pamtengo umodzi, ndipo mkazi wanga atadwala anabwera kudzazonda. Koma nsima ya m'nyumba mwanga sanadyebe, ndipo kutchalitchi sanabwerere. Zaka zisanu ndi ziwiri sizifufutika ngati choko pabolodi.

Apa m'pamene ndime ziwiri za Paulo zinagwirizana m'mutu mwanga. Anzanga anandigwirako ndithu. Popanda iwo bwenzi ndikulalikirabe za mtendere ndi mpanda wanga uli chilili. Koma panjira ija ya mphindi khumi ndinayenda ndekha. Palibe foni ikanayenda m'malo mwanga, palibe ahedi akanaima pabwalo paja kundilandirira manyazi. Katundu wa kubisa, wa kusowa wouza, wa kuganiza kuti ndiwe wekha woipa padziko, ameneyo timagawana. Katundu wa kunyamuka n'kuchita ndi wa mwini.

Mwina wina afunsa kuti, kodi Mulungu sakwanira? Si iye amene amaona zonse? Inde amaona. Koma ndikuuzeni monga mphunzitsi. Ukapatsa ana ntchito yokachitira kunyumba, n'kusaichonga, sabata yoyamba achita ambiri, yachiwiri ochepa, yachitatu palibe, ngakhale ana abwino. Sikuti anawo ndi oipa. Munthu anapangidwa choncho, kuti chinthu chimene palibe adzamufunse amachikankhira mawa. Ifenso aphunzitsi tinkakonza bwino mabuku athu tikamva kuti oyendera sukulu akubwera. Mulungu amene anatiumba amadziwa zimenezi, ndipo n'chifukwa chake sanatipatse Baibulo lokha, anatipatsanso mpingo. Tikamalapa tonse pamodzi pa Sondo timanena mawu oona, koma ndi mawu a onse, ndipo m'mawu a onse munthu amatha kubisalamo zaka zambiri, monga ndinachitira ine.

Pali nkhani ina ya foni imene ndimaikonda. M'mwezi wa Meyi 1935, munthu wina wa ku New York dzina lake Bill Wilson, amene anali atangotha miyezi yochepa chisiyireni mowa, anapita mumzinda wa Akron ku Ohio pa nkhani ya malonda, ndipo malondawo sanayende. Ali yekha mu hotela, pafupi ndi chipinda chomwera mowa, chilakolako chinamugwira. M'malo molowa, anapita pa foni n'kuimbira mbusa wina amene dzina lake analipeza pa mndandanda wa matchalitchi, kupempha kuti amupezere chidakwa china choti alankhule nacho. Anamulumikiza ndi dokotala wina, Bob Smith, amene mowa unali utamugonjetsa. Kukumana kwa awiriwo ndi kumene kunabala gulu la Alcoholics Anonymous, limene lero lili m'maiko ambiri, ndipo mu 2020 misonkhano yawo yambiri inasamukira pa intaneti. Taonani bwino apa: Wilson sanafune munthu woyera woti amulangize. Anafuna mnzake wodwala nthenda yomweyo, ndipo anamufuna kuti iye mwini apulumuke. Mnzathu wa masamu ananena zofanana tsiku lina. Anati masabata amene ankandifunsa ine za mng'ono wanga ndi amene iye sanamwe, chifukwa sakanatha kufunsa munthu ali woledzera.

Koma foni ili ndi malire ake, ndipo ndingakunamizeni ndikapanda kuwatchula. Foni simva fungo. Panali masabata atatu pamene mnzathuyo ankayankha ndi mawu osalala kuti sanamwe, pamene ankajambula uthengawo masana, n'kupita kukamwa madzulo. Tinadziwa mwana wake wamkazi ataimbira ahedi akulira. Titamufunsa anavomera, ndipo iye mwini ndiye anati mwana wakeyo tizimufunsanso. Tinamuuzanso kuti apite kuchipatala, chifukwa munthu amene wamwa kwambiri nthawi yaitali akasiya mwadzidzidzi thupi limatha kunjenjemera ngakhale kugwa khunyu, ndipo zimenezo zimafuna anamwino ndi madokotala, osati aphunzitsi opuma. Kagulu ka pa foni kopanda munthu wapafupi woona ndi maso n'kosavuta kukanamiza.

Malire ena ndi owawa kwambiri, ndipo anatitayitsa munthu. Mawu olankhulidwa pansi pa mtengo amapita ndi mphepo, koma mawu ojambulidwa amakhala, ndipo chala chimodzi chimawatumiza kwa anthu mazana. Mnzathu wa ku Petauke tsiku lina anafotokoza za ngongole yake mwatsatanetsatane, mpaka za ndalama zimene anatenga kwa akazi ake mobisa. Mmodzi wa ife, sindimutchula, anamva chisoni n'kutumiza uthengawo ku gulu lalikulu la tchalitchi chake kuti amupempherere. Anati anachita ndi mtima wabwino, ndipo ndikumukhulupirira. Koma pasanathe masiku atatu uthengawo unafika kwa apongozi a mwini wake. Anatuluka m'kagulu osatsanzika. Tinapepesa, wolakwayo anakwera basi kukapepesa pamaso, anakhululukidwa, koma mnzathuyo sanabwerenso. Tinali asanu, tsopano tili anayi. Abale anga, miseche ikavala malaya a pemphero imakhalabe miseche. Pa Mateyu 18, ndime 15, Ambuye Yesu akuphunzitsa kuti nkhani ya mbale wolakwa iziyambira pa anthu awiri okha, ndipo ena aziitanidwa pokhapokha kwalephereka. Ife timayambira kumapeto. Timaitana mpingo wonse, mwini wake n'kumva pomaliza.

Ndiye ngati mukufuna kuyesa, musayese m'gulu lalikulu la parishi limene mumalengezeramo maliro ndi zopereka za zokolola. Limenelo lili ndi ntchito yake. Pezani anthu atatu kapena anayi amene mungawauze zoona, amene nawonso angavomere kufunsidwa. Amuna paokha, amayi paokha, kuti tisatsegulire Satana khomo lina potseka loyamba. Akunyumba kwanu adziwe kuti kaguluko kalipo ndiponso muli ndani, ngakhale sadzamva zonenedwamo. Ngati mdzukulu ndiye amakugwirirani foni, zolemera kwambiri muzinena poimba, osati pojambula. Ndipo musankhe chinthu choti chingayankhidwe. Mukati ndikufuna kukhala Mkhristu wabwino, palibe angakufunseni kanthu pa Chisanu. Mukati sabata ino sindimenya mkazi wanga, kapena ndikabweza K50 pa ngongole ija, kapena ndikayezetsa magazi, kapena ndiwerenga mutu umodzi wa Marko tsiku lililonse, pamenepo pali inde ndi ayi.

Ndikumva wina akuti, aphunzitsi, ife mafoni a WhatsApp tilibe, ndipo ndalama ya bandulo tiipeza kuti? Musadandaule. Kafoni ka mabatani kamatumiza uthenga wa mawu awiri, ndipo ngakhale kungoliza kamodzi n'kudula kumatha kukhala chizindikiro chimene mwapangana. Amene mulibiretu foni muli ndi mwayi umene ife tilibe, chifukwa anzanu muli nawo pafupi, mumawaona nkhope. Amayi mumazidziwa kale izi. Pa chilimba kapena pa banki ya m'mudzi, tsiku la kusonkha likafika aliyense amadziwa kuti dzina lake liitanidwa, ndipo ndalama imene ikanathera pa zitumbuwa imapezeka. Ine ndimangodabwa kuti timalola kufunsidwa za K20 pamaso pa anthu, koma za moyo wathu timati aliyense adziwa yekha ndi Mulungu wake. Kaini ndiye anayamba kuyankha choncho pamene anafunsidwa za mbale wake, ndipo si munthu woti tizitengerako.

Mufuna kudziwa za mnzathu wa masamu. Anakhala chaka chathunthu ndi miyezi ingapo osamwa. Njinga anaiwombola, anagula kang'ombe kamodzi, ndipo ankaphunzitsa masamu ana a giredi 7 pakhonde pake osalipiritsa. Kenako anagwanso, n'kudzukanso. Ahedi amamwa mankhwala awo tsopano, ndipo wa ku Lusaka wafika ku Yesaya. Koma pamene ndikulankhula nanu pano, mnzathu wa masamu wadumpha Zisanu ziwiri osayankha. Wangogulitsa thonje, ndipo tonse tikudziwa tanthauzo la ndalama m'thumba mwake. Mauthenga athu akuoneka kuti afika, koma sakutsegulidwa. Mwana wake akuti amachoka m'mawa n'kubwera usiku. Tagwirizana kuti ine ndiye ndili pafupi, ndiye pa Chitatu ndikwera galimoto ya ku Katete. Mng'ono wanga, nditamuuza za ulendowu, wati adzandiperekeza pa njinga mpaka pamsewu.

Tiyeni tipemphere.

Atate wachifundo, tikuika m'manja mwanu mbale wathu amene dzina lake mukulidziwa, ndi ena onse amene usiku uno akulimbana ndi botolo. Mumusunge mpaka pa Chitatu. Mundipatse mawu oti ndikanene ndikamupeza, ndipo munditseke pakamwa pa mawu osafunika. Mukumbukirenso mbale wathu wa ku Petauke amene tinamupweteka. Tapempha m'dzina la Yesu Khristu Ambuye wathu. Amen.